Kamarau ndi kachilombo ka mawanga oyera: njira ziti za chibadwa zingateteze damu lanu?

M'chaka cha 2011, madamu a kamarau (tinyama ta m'madzi ta m'banja la nkhanu) a kufupi ndi Quelimane, m'chigawo cha Zambézia kuno ku Mozambique, anagwidwa ndi matenda amene alimi a ku Asia anali atalira nawo kale kwa zaka pafupifupi 20. Kamarau anasiya kudya, n'kumangoyandama mofooka m'mbali mwa damu, ena atafiira thupi lonse, ndipo pasanapite masiku ambiri pansi pa madzi panali mitembo yokhayokha. Atapima zitsanzo ku labotale ya yunivesite ya Arizona, anapeza kuti ndi kachilombo ka mawanga oyera, kamene amakalemba mwachidule kuti WSSV. Mu 2012 kanapezekanso ku Madagascar. Ulimi wa kamarau wa m'madamu m'dziko muno, umene unali utayamba kale kugulitsa ku Ulaya, unagwa chagada.

Wina wa ku Ulongwé kapena ku Furancungo afunsa kuti za kunyanja ya mchere zikutikhudza bwanji ife a ku Tete. Chigwa cha Zambezi, kuchokera ku Mágoè kutsika mpaka ku Mutarara, n'chotentha mokwanira kuwetako kamarau wa m'madzi opanda mchere wotchedwa Macrobrachium rosenbergii, ndipo naye ali ndi tizilombo take. Ana athu ophunzira za ulimi wa nsomba amakapeza ntchito ku Beira, ku Quelimane ndi ku Pemba. Komanso mfundo zosankhira mbewu ya kamarau ndi zomwezo zosankhira mbewu ya nsomba ya pende wa m'makheji a ku Cahora Bassa. Ndiye tiyeni tiike njira zimenezi pamphasa imodzi, tione yolemera ndi yopepuka.

Mdaniyo timudziwe kaye

WSSV anayamba kuoneka ku Taiwan ndi ku China cha m'ma 1992, mu 1995 anafika ku Texas, mu 1999 anasakaza madamu a ku Ecuador, ndipo mu 2016 anatulukira ku Queensland, m'dziko la Australia. Akalowa m'damu la kamarau wosapirira, amatha kupha onse m'masiku 3 mpaka 10. Sagwira munthu, sagwira nsomba, koma amagwira pafupifupi chilichonse cha m'banja la nkhanu. Nkhanu zambiri zimangomunyamula osadwala, ndipo n'zimene zimamulowetsa m'damu usiku zikamawoloka khoma.

Mukafuna kuona mawangawo, sendani chigoba cha kumutu kwa kamarau wodwala, muchitsuke, muchiyang'anitse kudzuwa. Muona timadontho toyera ta mamilimita 0.5 mpaka 2, tili m'kati mwa chigoba chenichenicho, tosachoka ngakhale mutapala ndi chikhadabo. Koma maso amanama. Madzi olowa laimu wambiri kapena mabakiteriya ena amabweretsanso madontho ofanana nawo, pamene kamarau wina amafa ndi WSSV asanatulutse dontho ndi limodzi lomwe. Chotsimikiza ndi kupima kwa ku labotale kotchedwa PCR, kumene kumafufuza chibadwa cha kachilomboko.

Katemera wamba, ngati wa chitopa uja timapatsa nkhuku, sagwira ntchito bwino pa kamarau. Nkhuku, mbuzi ndi nsomba zili ndi asilikali a m'magazi amene amakumbukira mdani amene anakumana naye, n'kumuthira nkhondo akabweranso. Kamarau alibe asilikali okumbukira otere. N'chifukwa chake akatswiri anatembenukira ku chibadwa, kutanthauza majini a m'maselo, osati majini a kwa asing'anga aja ayi.

Mbewu yoyera ya SPF: yoyera lero, osati yolimba

Tiyambe ndi imene imasokoneza anthu ambiri. SPF si mtundu wa kamarau, ndipo si chibadwa. Ndi umboni chabe woti makolo a kamarauyo akhala akusungidwa m'malo otsekedwa, akupimidwa mobwerezabwereza kwa zaka zosachepera ziwiri, ndipo sanapezeke ndi tizilombo tolembedwa pa mndandanda wina wake. Njirayi inayambira ku Hawaii chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo ndi imene inathandiza kuti kamarau woyera wa ku America, Penaeus vannamei, alande malo a Penaeus monodon m'madamu ambiri a ku Asia.

Ubwino wake ndi woti mumayamba opanda mdani m'nyumba. Kuipa kwake ndi koti tsiku limene tiana tatuluka m'malo otsekedwa aja n'kulowa m'damu lanu, dzina la SPF latha. Kachilombo kakabwera ndi nkhanu, kamarau wa SPF amafa ngati wina aliyense, mwina kuposa. Wogulitsa akakuuzani kuti mbewu yake ndi ya SPF, mufunseni kuti ndi yoyera ku tizilombo titi, anapima liti, ndipo anapima ndani. Ngati ayamba kukanda m'mutu, dziwani kuti n'chikomekome cha nkuyu.

Ngakhale pepala lilipo, pimitsani nokha musanathire mbewu m'damu. Apa chiwerengero n'chofunika kwambiri. Ngati tiana 2 pa 100 tili ndi kachilombo, muyenera kutenga tiana 150 kuti mukhale ndi mwayi wa 95 pa 100 wogwira kamodzi kodwala. Mukatenga 60, mwayi womwewo mumaupeza pokhapokha odwala atafika 5 pa 100. Mukatenga 10 tokha, monga amachitira ambiri pofuna kupulumutsa ndalama, mwayi wanu pa odwala 2 pa 100 aja ndi 18 pa 100, kumene kuli kungotaya ndalama ya labotale. Musatole tiana totakataka tapamwamba. Ikani tiana m'beseni muli madzi osakaniza ndi fomalini, mamililita 100 mpaka 150 pa malita 1,000, kwa mphindi 30 mpweya ukupopedwa, kenako zunguzani madziwo ndi dzanja. Tofooka timasonkhana pakati pa beseni, ndipo ndi tomweto toyenera kupita ku labotale. Tisungeni mu spiriti ya ethanol ya 95 peresenti, gawo limodzi la tiana pa magawo 9 a spiriti, n'kusintha spiritiyo pakatha tsiku limodzi chifukwa madzi a m'thupi mwawo amaisungunula. Tiana tikakhala tokulirapo, dulani mitu, pakuti m'maso mwa kamarau muli zinthu zimene zimalepheretsa PCR kugwira ntchito, ndipo zotsatira zimatuluka zoyera pamene kachilombo kalimo. Musawunjikenso tonse 150 m'chubu chimodzi. Kodwala kamodzi kamamira pakati pa tabwino.

Kusankha makolo opirira

Iyi ndiye njira ya chibadwa imene yaonetsa kale zipatso m'madamu enieni, ndipo ili pawiri.

Ya ku Ecuador ndi ya mtima wa mwala. WSSV atapha kamarau wawo mu 1999, alimi a kumeneko anayamba kutenga opulumuka a m'madamu momwemo, akuluakulu ndi athanzi, n'kuwasandutsa makolo. Mbadwo ndi mbadwo, kamarau wawo anazolowera kukhala ndi tizilombo tosiyanasiyana osafa wambiri, ndipo lero Ecuador imakolola matani opitirira miliyoni imodzi pachaka. Sipafunika labotale yaikulu. Koma walira mvula walira matope: opulumuka ambiri amakhala atanyamula kachilomboko, ndipo amakapatsira ana awo. Dziko limene kachilombo kali kale paliponse lingathe kuyenda njira imeneyi. Mbewu yotere kuibweretsa kudera loyera ngati Tete n'kudziitanira maliro. Dziwaninso kuti alimi a ku Ecuador amaika kamarau motalikirana m'madamu akuluakulu, ndiye kupirira kwake sikungayembekezeke kukhala chimodzimodzi m'kadamu kothithikana.

Njira inayo ndi yosankha mwa mabanja. Oswetsa amakwatitsa tambala mmodzi ndi thadzi limodzi, tinene choncho, n'kupanga mabanja 50 mpaka 100 pa mbadwo uliwonse. Banja lililonse limakulira m'thanki yakeyake mpaka tiana titafika galamu imodzi kapena awiri. Pamenepo amatibaya kadontho ka utoto wofewa pansi pa chigoba cha kumchira, banja lililonse mtundu wake ndi malo ake, kuti akasakaniza azitha kuwazindikira. Gulu limodzi limapita ku nyumba yoyesera imene ili kutali, kumene amalidyetsa nyama yogaya ya kamarau wodwala, n'kumawerenga akufa maola angapo alionse. Gulu lina limapita kudamu kukaona kakulidwe. Gulu lachitatu limatsala m'malo oyera osakhudzana ndi kachilombo. Opita kukayesedwa aja sabwereranso ngakhale apulumuke. Amene amasankhidwa kukhala makolo ndi abale awo otsala kumudzi, a m'mabanja amene achita bwino. Motero mumapeza mbewu yoyera komanso yopirira nthawi imodzi.

Pa matenda a Taura, amene anayambira ku Ecuador mu 1992, njirayi inagwira ntchito modabwitsa. Ku Oceanic Institute ku Hawaii, mbadwo umodzi wokha wosankhidwa unakweza opulumuka ndi pafupifupi 18 peresenti, ndipo patapita mibadwo ingapo Taura anasiya kukhala choopsa kwa ogula mbewu yosankhidwa. WSSV ndiye wakhala wouma mutu. Atayesa mabanja ambiri ku Colombia, anapeza kuti gawo la kupirira limene kholo limapatsira mwana n'lochepa kwambiri, ndipo choipa china n'choti mabanja okula msanga ndi amene ankafa msanga. Ndiye mukamva wogulitsa akulonjeza mbewu yokula ngati bowa komanso yosagwidwa ndi mawanga oyera, mufunseni zotsatira za mayeso a zonse ziwiri.

Chimene chimaononga njirayi kawirikawiri si kachilombo, koma chibale. Thadzi limodzi lalikulu la monodon limatha kuikira mazira opitirira theka la miliyoni, kotero woswetsa waulesi atha kudzaza madamu a boma lonse ndi ana a makolo anayi okha. Masamu ake ndi osavuta. Mukaswetsa amuna 25 ndi akazi 25, chibale chimakwera ndi 1 peresenti pa mbadwo, ndipo apa ndiye pa malire ovomerezeka. Amuna 5 ndi akazi 5, chimakwera ndi 5 peresenti. Awiri ndi awiri, 12.5 peresenti. Mchimwene ndi mlongo wake akaswana, ana awo amayambira pa 25 peresenti. Zimenezi zimachitika kwambiri munthu akagula mbewu yabwino, n'kuikuza, n'kuyamba kuswetsa yekha kuti azigulitsa ndi dzina lomwe lija. Makampani oswetsa amagulitsa dala mabanja ochepa, ndiye ana a m'damu limodzi amakhala pachibale. Mbadwo wachiwiri umaoneka bwino nyengo ikakhala yabwino, koma kukangozizira kapena mpweya ukachepa m'madzi, ndi umene umayamba kugwa. Alimi a chimanga cha haibulidi akudziwa zimene zimachitika ukabzala zokolola za chaka chatha.

Vuto lina ndi la kwathu kuno. Mizere yambiri yosankhidwa bwino ndi ya vannamei, amene si wa m'nyanja yathu. M'madamu a ku Mozambique ankaweta makamaka monodon, ndipo makolo ankachokera m'nyanja. Atafufuza chibadwa cha kachilombo ka ku Mozambique, ku Madagascar ndi ku Saudi Arabia, anapeza kuti n'kofanana kwambiri, komanso kosiyana ndi ka ku Asia, zimene zikusonyeza kuti kali m'zamoyo za m'nyanja ya kuno. Kholo logwidwa m'nyanja, ngakhale lioneke lonenepa bwanji, ndi khomo lotsegula.

Kuwerenga DNA posankha makolo

Njira ya mabanja ili ndi chilema chimodzi: imakuuzani banja labwino, koma siikuuzani kuti mwa ana 500 a banjalo wabwino koposa ndi uti. Ana a mimba imodzi safanana. Kuwerenga DNA, ulusi wa m'maselo umene majini analembedwamo, kumatseka mpata umenewu. Amadula kachidutswa ka mwendo wosambirira wa kamarau aliyense woyesedwa ndi kachilombo, wakufa ndi wopulumuka yemwe, n'kuwerenga zizindikiro masauzande ambiri pa DNA yake. Kompyuta imaphunzira kuti ndi zizindikiro ziti zimene zimayenda ndi kupulumuka. Kenako amawerenga DNA ya abale oyera aja, n'kupatsa aliyense malikisi ake asanakumane n'komwe ndi kachilombo.

Ku Norway zinayenda mosavuta pa nsomba ya salmon. Cha m'ma 2008 anapeza malo amodzi pa DNA amene amalamulira mbali yaikulu ya kupirira matenda a IPN, ndipo atayamba kusankha makolo potengera malo amenewo, matendawo anatsika kwambiri. Pa kamarau ndi WSSV malo amodzi otere sanapezeke. Kupirira kwake kunamwazikana m'majini ambirimbiri, lililonse likuthandiza pang'ono, n'chifukwa chake pamafunika zizindikiro zochuluka. DNA ya vannamei inalembedwa mu 2019, ya monodon mu 2021, ndipo inavuta kuilemba chifukwa yadzaza ndi tizidutswa tobwerezabwereza. Pa kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2020, ana a makolo osankhidwa mwa njirayi anapulumuka 51 pa 100, ana a makolo otoledwa mwachisawawa 38 pa 100, ndipo ana a makolo a malikisi otsika 25 pa 100. Kukwera kotere mu mbadwo umodzi si kwamasewera. Koma onaninso mbali inayo: theka linafabe.

Njirayi si ya mlimi payekha. Imafuna nyumba yoyesera matenda, kamarau masauzande owerengedwa DNA, ndiponso kubwereza mayeso pakapita mibadwo ingapo chifukwa zimene kompyuta inaphunzira zimasuluka. Zimene inaphunzira pa mzere wina sizigwiranso bwino pa mzere wina. Mlimi amakumana nayo pa mtengo wa mbewu basi, ndipo kwa ife, mtengo umenewo ndi woyenera kulipira ngati woswetsayo akuonetsa zotsatira.

RNAi: kutseka pakamwa kachilombo

Iyi ndi imene imasangalatsa ophunzira, ndipo m'pomveka. Mu 1998 Andrew Fire ndi Craig Mello anasonyeza kuti selo likalandira RNA (uthenga wokoperedwa ku DNA) ya nthambo ziwiri, limaiduladula n'kugwiritsa ntchito tizidutswato ngati chithunzi cha wakuba: uthenga uliwonse wofanana nato limauononga. Analandira mphoto ya Nobel mu 2006. Kamarau ali nayo njira imeneyi, yotchedwa RNAi, mwachibadwa. Puloteni yotchedwa Dicer imadula RNA ija m'tizidutswa ta zilembo 21 mpaka 23, ndipo ina yotchedwa Argonaute imanyamula kachidutswako n'kumasaka uthenga wa kachilombo.

Kapangidwe kake n'kotere. Amatenga chidutswa cha jini ya kachilombo cha zilembo mazana angapo, kawirikawiri cha jini ya VP28 imene imapanga chovala chakunja cha WSSV. Amachilowetsa m'mabakiteriya a E. coli a mtundu wa HT115, amene alibe puloteni yoononga RNA ya nthambo ziwiri. Amawakuza m'botolo, n'kuwathira mankhwala a IPTG kuti ayambe kupanga RNA ija yambiri, kenako amawapha n'kuichotsa. Akabaya kamarau m'nyama ya kumchira, mamayikulogalamu ochepa pa galamu iliyonse ya thupi, ambiri amapulumuka ngakhale apatsidwe kachilombo koti kakanawapha onse. RNA yaitali imagwira bwino kuposa tizidutswa todulidwa kale. Ena amatseka jini ya kamarau mwini wake, yotchedwa Rab7, imene tizilombo timadalira polowa m'selo, ndipo izi zinateteza ku tizilombo tingapo nthawi imodzi. Koma jini imeneyo kamarau amaifunanso pa moyo wake, ndiye si yoseweretsa.

M'thanki ya labotale zonsezi n'zoona. Tsopano tiyeni kudamu. Hekitala imodzi yoikidwa kamarau 10 pa sikweya mita ili ndi kamarau 100,000. Munthu wa dzanja lachangu atamabaya mmodzi pa masekondi 10, osapuma, osadya, angatenge maola 278. Akamamaliza, chitetezo cha oyamba aja chayamba kale kutha, chifukwa chimangokhala masabata ochepa, pamene kamarau amakhala m'damu miyezi inayi kapena isanu. RNAi sisintha DNA, ndiye ana satengera.

Njira yodutsira pamenepa ndi kuika RNA m'chakudya, ndipo ndi pamene pagona vuto lonse. Kutentha kwa makina opangira chakudya kumaiononga. Mukaipaka pamwamba, imasungunuka m'madzi, pakuti kamarau samameza kamodzi ngati pende, amagwira chakudya ndi timiyendo n'kumanyenya pang'onopang'ono. Yotsalayo imakagayidwa m'matumbo isanafike m'magazi. Ayesa kuikulunga m'mabakiteriya akufa, mu yisiti, mu ndere za m'madzi ndi mu chitosan wochokera ku zigoba za nkhanu, ndipo zotsatira zake zimasinthasintha, nthawi zambiri zotsika kuposa za jekeseni. Wina akabwera ndi thumba la chakudya n'kunena kuti muli katemera wa mawanga oyera, musathamangire kutulutsa metikali.

Pamene RNAi imalipira ndi pamene obayidwa ali ochepa koma phindu likufalikira kwa ambiri. Chitsanzo chabwino chili pa Macrobrachium yemweyo. Gulu la Amir Sagi ku yunivesite ya Ben-Gurion ku Israel linapeza kuti mukatseka jini ya IAG mwa tiana tatimuna tidakali tating'ono, timakula ngati takazi n'kumaikira mazira. Tikakwatitsidwa ndi amuna wamba, ana onse amabadwa amuna, ndipo amuna a mtundu umenewu ndi amene amakula kwambiri. Izi zili kale pamsika. Si za matenda, koma zikusonyeza malo oyenera a RNAi: kumalo oswetsera, pa makolo mazana ochepa a mtengo wapatali, osati m'damu.

Kusintha jini ndi CRISPR

Apa sitichedwapo, chifukwa palibe choti mugule. CRISPR, imene Jennifer Doudna ndi Emmanuelle Charpentier anaifotokoza mu 2012, imadula DNA pamalo amene mwasankha, ndipo kusinthako ana amatengera. Pa nkhumba zatheka: anachotsa kachigawo ka jini ya CD163, khomo limene kachilombo ka PRRS kamalowera, ndipo mu 2025 boma la United States linavomereza nkhumba zimenezo. Pa kamarau, WSSV ali ndi makomo angapo, ndiye kutseka limodzi sikokwanira. Dzira la kamarau wa m'nyanja ndi laling'ono, pafupifupi kota ya milimita, limaphulika mosavuta likabayidwa, ndipo limayamba kugawikana pasanathe ola. Palibenso maselo a kamarau omera mosalekeza m'botolo oti ayeserepo kaye. Ku China anakwanitsa kusintha jini mwa kamarau wamng'ono wotchedwa Exopalaemon carinicauda mu 2016, koma kuchoka pamenepo kufika pa mbewu yosagwidwa ndi WSSV ndi ulendo wautali. Onjezani malamulo a zamoyo zosinthidwa chibadwa, amene Mozambique ili nawo potsatira pangano la Cartagena, ndi ogula a ku Ulaya amene safuna n'kumva komwe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Pali kanthu kena ka chibadwa koyenera kudziwa aliyense wopimitsa monodon wa kuno. Monodon wina wa ku Madagascar, ku Tanzania ndi ku Australia ali ndi zidutswa za kachilombo ka IHHNV zolowerera mu DNA yake yeniyeni, zotengera kwa makolo. Zidutswazi sizidwalitsa ndipo sizipatsirana, koma PCR wamba imazigwira n'kunena kuti kamarau ali ndi matenda. Makolo abwinobwino atha kuphedwa chifukwa cha bodza limeneli. Uzani a labotale kumene kamarau wachokera kuti agwiritse ntchito mayeso osiyanitsa ziwirizi.

Nanga wa ku Tete atenge iti?

Chuma chathu chachikulu pankhaniyi ndi mtunda. Tili kutali ndi nyanja, ndiye kachilombo sikangabwere ndi mafunde. Kangabwere pagalimoto, m'thumba la mbewu kapena m'katoni ya kamarau wa mufiriji wochokera kugombe. WSSV safa ndi kuzizira kwa firiji. Mitu ndi zigoba za kamarau wogula kumsika zisatayidwe kufupi ndi damu, zisadyetsedwe nsomba, ndipo zisakhale nyambo ya mbedza. Choncho kwa ife mbewu yoyera yopimidwa ndiyo yoyamba, yochokera m'mabanja osankhidwa ngati ilipo. Ya opulumuka a m'madamu odwala ayi.

Woweta Macrobrachium adziwe kuti wamkulu amapirira WSSV koma amatha kumunyamula, ndipo adani ake enieni ndi ena. Matenda a mchira woyera, obwera ndi kachilombo ka MrNV, amayeretsa nyama ya kumchira ngati mkaka n'kupha tiana pafupifupi tonse kumalo oswetsera. Kachilombo ka DIV1, kamene kanaoneka ku China mu 2014, kamayeretsa malo ena a kumutu. Pepala la woswetsa litchule onse atatu. Popeza mphutsi zake zimafuna madzi a mchere pang'ono, pafupifupi magalamu 12 pa lita, mbewu idzachokera kunja kwa chigawo chino, ndipo mtundu wachilendo sulowa popanda chilolezo. Yambani mwafunsa ku ofesi ya zausodzi ya chigawo, ku IDEPA (bungwe lotukula usodzi ndi ulimi wa nsomba) ndi ku INIP (bungwe loyendera nsomba). Mbewu ikafika, ikhale payokha m'thanki masabata awiri kapena atatu, madzi ake osatayikira kumtsinje.

Nyengo nayo ndi mankhwala. WSSV amalephera kuswana bwino madzi akafika madigiri 32 mpaka 33, ndipo amalusa kukazizira mwadzidzidzi. Macrobrachium amakula bwino pa madigiri 28 mpaka 31, ndipo pansi pa 15 amayamba kufa. M'chigwa, thirani mbewu kukayamba kutentha, mukolole June asanafike. Kumapiri a Angónia ndi Tsangano, kumene chisanu chimalowa mpaka m'mafupa, kamarauyu musamuyese n'komwe.

Mbewu yabwino m'damu losatetezedwa ili ngati mbuzi ya mtengo wapatali m'khola lopanda chitseko. Madzi olowa asefedwe ndi ukonde wa mabowo a mamayikuloni 250 mpaka 300 (mamilimita 0.25 mpaka 0.3). Ngati muli ndi damu losungira madzi, thiranimo kulorini magalamu 30 pa malita 1,000, kutanthauza ufa wa 65 peresenti pafupifupi magalamu 46, n'kudikira masiku angapo mpaka atatheratu. Zungulizani damu ndi mpanda wa pulasitiki wosalala wa masentimita 40 mpaka 50, m'munsi mwake mokwiriridwa, kuti nkhanu ziziterereka. Mukakolola, umitsani pansi mpaka dothi ling'ambike. Kumtunda kwathu, ku Kariba ndi mumtsinje wa Kafue, kwadzaza kale Cherax quadricarinatus wa ku Australia, wa m'banja la nkhanu, wa zala zofiira, amene anathawa m'malo owetera, ndipo naye amagwidwa ndi WSSV. Kumunsi kwa Zambezi kuli mitundu ya Macrobrachium yachilengedwe imene imayenda pakati pa madzi a mchere ndi mtsinje. Zonsezi zisalowe m'damu, ngakhale ana atabwera nazo m'chidebe kuti muonjezere.

A makheji a pende ku Cahora Bassa, nkhani yanu ndi yofewerapo. Kachilombo ka TiLV, kamene kanafotokozedwa koyamba ku Israel mu 2014, kanapezeka kale m'nyanja ya Victoria, ndipo ka ISKNV kanapha nsomba zambiri m'makheji a m'nyanja ya Volta ku Ghana mu 2018. Koma nsomba imalandira katemera, ndipo kupirira TiLV kumatengera kwa makolo mwamphamvu kuposa mmene kamarau amatengera kupirira WSSV. Pa mzere wa pende wotchedwa GIFT, umene unayamba kusankhidwa mwa mabanja ku Philippines mu 1988, anapeza mu 2021 malo amodzi pa kromozomu 22 amene ali ndi mbali yaikulu pa kupirirako. M'dziko muno, malo a kafukufuku wa ulimi wa nsomba a CEPAQ ku Chókwè amasankha mabanja a Oreochromis mossambicus, pende wathu weniweni. Pogula mbewu ya pende, mafunso ndi omwe aja: makolo ndi angati amuna ndi angati akazi, anasinthidwa liti, anapimidwa chiyani, ndipo pepala la labotale lili ndi deti la mwezi uti.